Mabotolo 11, nkhope imodzi

Mpaka nditakwanitsa zaka 26, nkhope yanga sinkandipatsa ntchito. Ndinkasamba ndi sopo yemweyo wa thupi lonse, n'kudzola mafuta alionse amene ali pafupi, basi. Masiku ena ndikatopa ndinkangodziponya pabedi phoda ali kumaso, osasukusula n'komwe, ndipo kukacha panalibe chodandaulitsa. Anzanga amene anavutika ndi ziphuphu tili kusekondale ndinkangowamvera chisoni chapatali, mumtima n'kumati ine zinandilambalala.

Chaka chimenecho zinandipeza. Zinatulukira pachibwano ndi m'munsi mwa masaya, motsatira nsagwada. Sitinali tija tating'ono timauma tokha pakapita masiku awiri ayi. Zinali zikuluzikulu, za m'kati, zopweteka ngati chithupsa chokana kuphulika, ndipo zinkachuluka kukatsala sabata imodzi kuti ndiyambe msambo. China chikamaphwa, chinzake chinali chitayamba kale kutupa pambali. Mnzanga wina wanthabwala ankati pa anthu onse olandira ziphuphu amene amawadziwa, ine ndekha ndi amene sindikulemera nazo. Ndinkaseka nawo, koma ndikafika kunyumba ndinkathamangira pagalasi nsapato ndisanavule.

Ndikulemba izi chifukwa ziphuphuzo pazokha zinali vuto laling'ono poyerekeza ndi zimene ndinadzichita. Khungu langa ndinaliwononga ndekha, madzulo aliwonse kwa chaka ndi miyezi iwiri, ndi manja angawa, uku ndikudziyamikira kuti ndikulisamalira.

Cholakwa choyamba chinali kukhulupirira kuti ziphuphu ndi litsiro. Ndinayamba kusukusula kanayi patsiku, madzulo okha kawiri, ndi madzi otentha kwambiri, n'kumakhula ndi kansalu kokhakhala mpaka masaya kumva moto. Ndikamaliza, khungu linkakokana, kuuma gwa, moti ndikayendetsapo chala chinkachita kukakamira. Ine n'kumati eya, apa ndiye payera. Zimene ndinadzamva mochedwa n'zakuti pamwamba pa khungu pali kagawo kopyapyala kwambiri ka maselo akufa osanjikizana ngati njerwa, ndipo pakati pa njerwazo pali mafuta achilengedwe ogwira ntchito ya matope omangira. Khoma limeneli ndilo limasunga madzi m'kati n'kutsekereza zoyabwa kunja. Lilinso ndi kaasidi pang'ono: pH ya khungu, muyeso umene umatsika asidi akamachuluka, imakhala cha pa 5, pamene sopo wamba wolimba uja amafika pa 9 kapena 10. Kukokana kumene ndinkakondwera nako kunali kulira kwa khoma likugumuka. Ndipo chiphuphucho chimayambira m'kati mwa kabowo ka ubweya, mafuta ndi maselo akufa zikatsekeramo, tizilombo n'kuchulukana. Kansalu sikafika kumeneko, ngakhale mutakhula mpaka dzanja kutopa.

Chachiwiri chinali kufinya, ndipo ichi ndiye chinali chizolowezi changa chenicheni cha usiku. Ndinkayatsa tochi ya foni, kuiyedzeka pashelefu, n'kuyandikitsa nkhope mpaka mpweya wanga kuchita nthunzi pagalasi. Ndinkadziuza kuti ndifinya chimodzi chokha, chakupsacho. Pozimitsa tochi, theka la ola latha, zikhadabo zasiya timizere chibwano chonse, ndipo zija za m'kati zopanda mutu ndazikankhira pansi kwambiri. Kukacha zinkatupa kuwirikiza. Chiphuphu chosiyidwa chinkatha pa sabata imodzi kapena awiri, koma chofinyidwa chinkasiya banga lakuda. Pakhungu lakuda ngati langali, paliponse pamene patupa kapena papsa, maselo opanga mtundu wa khungu amatulutsa utoto wochuluka, ndipo bangalo limakhala miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Ndikanadziwa masamu amenewa, oti masekondi 10 ofinya ndiwalipira ndi miyezi 6, mwina manjawa ndikanawakhalira.

Mabanga aja ndi amene anandithamangitsira pa intaneti. Usiku uliwonse ndinkagona foni ili m'manja, kuonera atsikana a nkhope zosalala ngati dzira akudzola zinthu 7 kapena 8 motsatizana. Sizinandifike m'mutu kuti ena amalipidwa kuti aonetse mabotolowo, kapena kuti kamera ya foni imasalaza nkhope payokha. Ndinayamba ndi za m'nyumba: madzi a mandimu pa mabanga, mankhwala otsukira mano pa chiphuphu, soda wothira timadzi ngati chokhulira. Madzi a mandimu ali ndi asidi wamphamvu, pH yake ili cha pa 2, ndipo akatsalira pakhungu n'kukumana ndi dzuwa amatha kuwotcha ngati moto. Pa tsaya langa lakumanzere anasiyapo chigamba chachikulu kuposa banga limene ndinkafuna kufufutalo.

Kenaka ndinayamba kugula. Chilichonse ndinkachipatsa masiku 10, chikachulukitsa masabata awiri, ndipo chikapanda kuchita zozizwitsa ndinkawonjezera china pamwamba osasiya choyambacho. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Pofika mwezi wa 8, pashelefu panali mabotolo 11. Panali sopo wamadzi wa salicylic acid, chokhulira cha timchenga, madzi opukutira kumaso onunkha sipiriti, asidi wina wosendera khungu, komanso benzoyl peroxide wa 10 peresenti, amene ndinamusankha dala chifukwa nambala yake inali yaikulu kuposa ena onse. Pambuyo pake ndinadzamva kuti wa 2.5 peresenti amagwira ziphuphu pafupifupi mofanana, koma sawotcha kwambiri. Panalibenso wondiuza kuti mankhwalawa amachotsa mtundu wa nsalu. Nsalu yanga ya pilo yabuluu inachita mawangamawanga, thaulo chimodzimodzi, pamodzi ndi khosi la malaya ogonera. Mwambo wonsewu unkanditengera mphindi 40 usiku uliwonse, ndipo nditadzawerengera ndalama zimene zinapita kumeneko, zinaposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Nkhope nayo inali ikusendeka m'mbali mwa mphuno ndi pakamwa, ziphuphu zili pompo. Vuto lina la kudzola zambiri nthawi imodzi n'lakuti chikakupwetekani simudziwa kuti ndi chiti, ndiye mumangogula chakhumi ndi chiwiri choti chikonze zimene khumi ndi chimodzi zawononga.

Apa ndi pamene mnzanga wa kuntchito, munthu wamtima wabwino amene sindimusungira chakukhosi, anandibweretsera kachubu. Anati, "Mnzanga, nkhope yakoyi ikundimvetsa chisoni. Tangodzola aka madzulo, udzandiuza." Pamasiku 5 okha kuyabwa kunatha, kutupa kunaphwa, mabanga anayamba kuzimiririka, nkhope n'kuwala. Kwa nthawi yoyamba m'miyezi yambiri ndinajambulitsa osapendeketsa mutu. Anthu anayamba kundifunsa chimene ndikudzola, ine n'kumanyada. Timalemba ta kumbuyo kwa kachubuko sindinatiwerenge. Ndinadzola usiku uliwonse kwa miyezi 4.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwezi wachitatu nkhope inali itayera kusiyana ndi khosi, ngati ndabwereka ya wina. Khungu la m'masaya linapyapyala, kunyezimira ngati pepala la pulasitiki, timitsempha n'kumaonekera. Kuzungulira pakamwa kunatuluka tiziphuphu tating'onoting'ono, tofanana tonse ngati tadindidwa, ndipo m'masaya munamera ubweya umene kale kunalibe. Kachubu katatha ndinakhala masiku 3 osadzola. Nkhope inayaka moto, kutupa, kuyabwa kosagonetsa. Ndinathamanga kukafuna kena, ndipo usiku womwewo zinazizira. Pamenepa ndiye pamene ndinayenera kudzidzimuka, koma ine ndinatenga zimenezi ngati umboni woti mafutawo ndi abwino ndipo khungu langa likuwafuna. Ngati pali chimene mumadzola, choti mukachisiya masiku awiri nkhope imapsa ndipo mukachibwerera imazizira msanga, chitengeni mupite nacho kwa dokotala sabata yomweyo.

Usiku wina ndinathira kumaso madzi wamba, ozizira, opanda sopo, ndipo analuma ngati mchere pabala. Ndinakhala pansi m'bafa n'kuyamba kulira. Mng'ono wanga, amene ndinkakhala naye, anagogoda kangapo kenaka n'kungolowa. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana shelefu, n'kunena kuti, "Achemwali, izi si za pa foninso izi. Mawa tipite kuchipatala." Mawa lakelo sindinapite. Ndinazengereza masabata ena 3, manyazi atandigwira, poganiza kuti kuchipatala n'kwa odwala zenizeni ndipo wa ziphuphu akangomuseka. Masabata amenewo ndimanong'oneza nawo bondo kuposa ndalama zonse zija, chifukwa usiku uliwonse ndinkapitiriza kudzola chimene chinkandipweteka.

Tsiku lopita, mng'ono wangayo anachita chinthu chanzeru chimene ine sindinachiganizire. Anasesera zonse za pashelefu m'jumbo, kachubu komwe, n'kundinyamulitsa. Dokotala wa khungu amene tinamupeza anali mayi wachikulire wosapupuluma. Anazindandalika patebulo chimodzichimodzi, n'kumatembenuza botolo lililonse kuwerenga kumbuyo. Atafika pa kachubu anavala magalasi, anawerenga, n'kundiyang'ana.

"Amayi, aka mwadzola nthawi yaitali bwanji?"

"Miyezi inayi, adokotala."

"Usiku uliwonse?"

Ndinangogwedeza mutu. Anandilozera mawu amodzi ndi nsonga ya cholembera: clobetasol. Anandifotokozera kuti ameneyu ndi steroid wa m'gulu lamphamvu kwambiri, wopangira matenda aakulu a khungu, wodzola kwa nthawi yochepa dokotala akuyang'anira, ndipo kawirikawiri sapita kumaso chifukwa khungu la kumeneko n'lopyapyala kale. Amazimitsa kutupa ndi kufinya timitsempha, n'chifukwa chake nkhope imaoneka bwino msanga, koma akakhalitsa amadya khungu, ndipo mukamusiya zonse zimene anazitsekereza zimabwerera pamodzi. Anawonjezera kuti ndinachitako mwayi poti kachubu kanga kanali ndi malemba. Mafuta ena oyeretsa khungu salembedwa za m'kati, ndipo mumapezeka mercury, amene amawononga impso ndi mitsempha ya ubongo, kapena hydroquinone, amene akadzoledwa nthawi yaitali amatha kudetsa khungu moderako ngati buluu, kuda kovuta kuchiza.

Pa mabotolo 11 aja anandibwezera limodzi lokha: mafuta wamba opanda fungo, amene ndinkawaderera chifukwa anali otchipa kuposa onse. Ena onse anawakankhira kumapeto kwa tebulo. Kenaka ananena mawu amene anandisunga mwezi wotsatirawo. "Ziyamba zaipa kaye zisanakhale bwino. Mudzafuna kubwerera ku kachubuka. Musabwerere, mudzabwere kuno." Anandilembera dongosolo losiyira steroid uja ndi mapiritsi a doxycycline, olimbana ndi tizilombo ndi kutupa, a masabata angapo, atandifunsa kaye ngati ndili ndi pathupi kapena ndikuyembekeza kutero, chifukwa mapiritsiwa sagwirizana ndi mimba. Zimenezi musatengere kwa ine, aliyense dokotala amamuyeza payekha. Koma chimodzi ndikuuzeni: piritsi limeneli limwereni madzi kapu yodzadza ndipo musagone nthawi yomweyo. Ine tsiku lina ndinalimeza ndi timadzi pang'ono ndili kale pabedi, ndipo pachifuwa panandiwotcha masiku atatu.

Masabata 4 otsatira anali oipa kuposa nthawi ina iliyonse pa ulendo wonsewu. Nkhope inatupa, inasendeka, m'mawa pa pilo pamakhala timamba. Ndinapempha masiku 5 atchuthi kuntchito, ndipo ukwati wa mnzanga wapamtima sindinapiteko, ndinanama kuti mutu ukundipweteka. Mpaka lero sindinamuuze zoona. Usiku wa tsiku la 9 ndinadzuka n'kuyamba kufufuza m'madirowa ngati mwatsalira kachubu kena. Mng'ono wanga anali atataya kale zonse. Ndinamukalipira, iye n'kungondipatsa kansalu konyowetsa madzi ozizira kuti ndiike m'masaya, n'kubwerera kukagona.

M'nyengo imeneyo ndi pamene chizolowezi changa cha madzulo chinabadwa, ndipo chinali cha zinthu ziwiri zokha. Choyamba, kusukusula kamodzi. Kusamba m'manja kaye, madzi ofunda pang'ono osati otentha, sopo wamadzi wofatsa wopanda fungo ndiponso wosachita thovu lambiri, nsonga za zala zokha, kwa mphindi imodzi kapena kucheperapo. Kutsukuluza bwino, makamaka m'mphepete mwa tsitsi ndi pansi pa nsagwada pamene sopo amakonda kubisala. Kenaka kugunditsagunditsa thaulo loyera, osakhula. Chachiwiri, kudzola mafuta khungu likadali lonyowa pang'ono, kuti atsekere madziwo m'kati. Usiku khungu limataya madzi ambiri kuposa masana, n'chifukwa chake kudzola pogona kumathandiza. Dokotala anandiuza kuti posankha mafuta ndiziwerenga kumbuyo osati kutsogolo: glycerine amakoka madzi, ceramide ndi amodzi mwa matope a khoma lija, ndipo pamene pathetheka, monga m'mbali mwa milomo, kadontho ka petroleum jelly kamatseka bwino. Fungo lokoma silichiza kanthu, ndipo pakhungu lovulala nthawi zambiri ndilo limayabwitsa.

Kunena zoona, zinthu ziwirizi zinkandinyong'onya. Munthu wozolowera mphindi 40 akamaliza m'mphindi 3 amamva ngati waba. Ndinkaima pagalasi manja ali lende, n'kumafuna chochita. Kuti ndisafinye ndinachotsa galasi laling'ono lokulitsa lija, ndinawenga zikhadabo, ndipo foni ndinasiya kulowa nayo m'bafa. Patapita masabata 6, madzi anasiya kuluma. Ndinazindikira zimenezi usiku wina ndili kale pabedi, kuti lero ndasukusula osakukuta mano.

Ziphuphu za pachibwano zija zinali zikadalipo, popeza mafuta odzola sachiza ziphuphu, amangokonza bwalo. Nditabwerera kwa dokotala, ndi pamene anandiwonjezera chinthu chachitatu: adapalene wa 0.1 peresenti. Ameneyu ndi wa m'banja la retinoid, mankhwala ochokera ku vitamini A, amene amathandiza kuti timabowo tija tisamatsekeke. Anandifunsanso za mimba, popeza mankhwala a banja limeneli sadzoledwa ndi woyembekezera. Malangizo ake anali achindunji. Kambewu kamodzi kokula ngati nsawawa n'kokwanira nkhope yonse. Kudzola ponseponse pamene ziphuphu zimatuluka, osati pa chiphuphu chokha, chifukwa ntchito yake n'kuletsa zimene zisanatuluke. Kupewa zikope, m'mbali mwa mphuno ndi milomo. Kudikira nkhope iume kaye, popeza pakhungu lonyowa amalowerera kwambiri n'kuwotcha. Ndipo kuyamba ndi usiku uwiri wokha pa sabata. Ine ndinasankha Lolemba ndi Lachinayi, n'kulemba pa kalendala kuseri kwa chitseko. Masabata oyamba ndinkadzola mafuta kaye, mankhwala pamwamba, kuti asalume kwambiri.

Sabata yachitatu ziphuphu zinawonjezekera, khungu n'kuyambanso kusendeka pang'ono. Mtima unagwa. Ndinati basi, nazonso izi zakanika. Chimene chinandiletsa kusiya n'chakuti dokotala anali ataneneratu kuti mankhwala a ziphuphu saweruzidwa pasanathe masabata 12, ndipo kusintha koyamba kumaoneka cha pa masabata 6 mpaka 8. Khungu limatenga pafupifupi mwezi kuti maselo atsopano afike pamwamba, ndipo chiphuphu chimene mukuchiona lero chinayamba kupangika masabata angapo apitawo. Nditamva zimenezi ndinakumbukira mabotolo anga aja, amene lililonse ndinkalipatsa masiku 10. Mwina ena mwa iwo akanandithandiza ndikanawapatsa nthawi, paokha.

Chinthu china chimene chinandigwira dzanja ndi zithunzi. Lamulungu lililonse m'mawa ndinkajambula nkhope pawindo lomwelo, kutsogolo ndi mbali zonse ziwiri, popanda zosalaza za kamera. Galasi limanama, chifukwa munthu amene umamuona tsiku lililonse suona kusintha kwake, ndipo diso limathamangira pa chiphuphu chatsopano n'kuiwala zisanu zimene zaphwa. Nditaika chithunzi cha sabata yoyamba pambali pa cha sabata ya 10, ndinawerenga: kale 14 pachibwano ndi nsagwada, tsopano 4. Ndinaitana mng'ono wanga kuti awerengenso, kuopa kuti ndikudzinamiza.

Mukanaganiza kuti pamenepa ndinali nditaphunzira. Mwezi wachinayi, zinthu zikuyenda, ndikudzola adapalene usiku wodumphadumpha popanda vuto, dyera linandigwiranso. Mabanga ankachedwa kutha, ndiye ndinagula asidi wosendera khungu n'kumudzola usiku womwewo ndi mankhwala aja, masiku atatu otsatizana. Tsiku lachinayi masaya anali atapsa, akuluma, ndipo pamene panapsapo panadzatsala mthunzi wina watsopano. Ndinabwerera ku zinthu ziwiri zija kwa masabata awiri, kenaka n'kuyambiranso adapalene kawiri pa sabata ngati mlendo. Mwezi wathunthu unatayika. Kuchokera pamenepo, chatsopano chilichonse ndimachiyesa kaye kuseri kwa khutu kapena m'kati mwa mkono kwa masiku angapo, chimalowa chokha popanda chinzake, ndipo china sichibwera pasanathe mwezi.

Pali tinthu tina tating'ono timene ndinatitola m'njira. Tiziphuphu ta pachipumi tinatha nditasiya kugona mafuta a tsitsi akukhudza kumaso, n'kuyamba kumanga tsitsi kumbuyo ndisanasukusule. Nsalu ya pilo ndimasintha sabata iliyonse, ndipo thaulo la kumaso n'losiyana ndi la thupi. Tsiku limene ndadzola phoda wambiri ndimamuchotsa kaye ndi mafuta kapena madzi ochotsera zodzoladzola, kenaka n'kusukusula, m'malo mokhula kawiri ndi sopo. Koma chimene chinasintha zinthu kwambiri ndi nthawi. Ndikadikira mpaka tulo titandigwira, ndinkadumpha usiku umodzi pa atatu alionse. Tsopano ndimasukusula ndikangofika kunyumba n'kusintha zovala, ndipo mankhwala ndimadzola pambuyo pake ndikamatsuka mano. Khungu silidziwa kuti koloko ikuti bwanji, limangofuna kuti thukuta, fumbi ndi zodzola za tsikulo zichoke.

Za mabanga ndiyenera kunena mosabisa, chifukwa apa ndi pamene ambiri timagwera m'manja mwa mafuta oyeretsa a m'machubu aja. Anachedwa. Ziphuphu zinachepa pa miyezi 3, koma mabanga ambiri anatenga miyezi 9, ena kupitirira chaka. Ndipo ntchito ya usiku ikanapita pachabe popanda ya m'mawa. Ine ndinkakhulupirira kuti munthu wakhungu lakuda safunika mafuta oteteza ku dzuwa. Dokotala anandiuza kuti dzuwa limadetsa banga lililonse limene ndikulimbana nalo usiku, komanso kuti adapalene ndi doxycycline amachititsa khungu kupsa msanga ndi dzuwa. Anati ndipeze a SPF 30 kapena kuposerapo (SPF ndi nambala yosonyeza mphamvu ya mafutawo poteteza ku dzuwa), ndizidzola m'mawa uliwonse. Oyamba amene ndinagula anandisiya wotuwa ngati ndadzola phulusa, achiwiri ankalowa m'maso ndikatuluka thukuta, achitatu ndi amene ndinakhazikika nawo. Pamenepo ndalama zinapitanso, koma mwezi umene ndinayamba kuwadzola mosadumpha ndi umene zithunzi za Lamulungu zinayamba kuonetsa mabanga akuchepa mphamvu.

Tsopano papita zaka ziwiri chichokereni kwa dokotala ulendo woyamba uja. Pashelefu pali zinthu zinayi: sopo wofatsa, mafuta, kachubu ka adapalene, ndi zoteteza ku dzuwa za m'mawa. Madzulo zimanditengera mphindi 4. Nkhope yanga si ya atsikana a pa foni aja. Msambo ukayandikira chiphuphu chimodzi kapena ziwiri zimabwerabe pachibwano, ndimazisiya, zimapita. Timitsempha tiwiri pa tsaya lakumanja sitinabwerere m'kati, ndipo chigamba cha mandimu chija chimaonekabe kuwala kukachokera chammbali. Nsalu ya pilo yamawanga ija ndimaigonerabe.

Mnzanga wa kachubu uja ndinamufotokozera zonse nditangochira, ndinamuonetsanso zithunzi za masabata oipa aja. Anagwira pakamwa, anapepesa, anati wamva. Sabata yatha akufufuza makiyi m'chikwama, ndinaona kachubu komweko, kofinyidwa mpaka kumapeto. Masaya ake ayamba kunyezimira mwa mtundu uja ndimaudziwa. Pagulu sindinanene kanthu. Ndinangolemba mawu aja pakapepala, clobetasol, pansi pake n'kuwonjezera kuti ndikhoza kumuperekeza Lachisanu, n'kukasiya pa desiki yake pansi pa kapu.